Oximeter ya pachala ndi mwana woliza mkonono: kodi ingakuuzeni ngati akubanika kutulo?

Kuyambira nthawi ya COVID-19, m'zaka za 2020 ndi 2021, nyumba zambiri muno mu Harare zili ndi kachipangizo kopana pachala, kotchedwa oximeter, kamene kamaonetsa manambala awiri, ya okosijeni wa m'magazi ndi ya kugunda kwa mtima. Kamapezeka m'mafamase pa madola ochepa, kamayendera mabatire awiri a AAA, ndipo ngakhale mayina a pa bokosi amasiyana, kagwiridwe kake n'kamodzi. Mliri utazilala kanalowa m'dirowa. Lero kakutulukanso pa ntchito ina. Mwana akayamba kuliza mkonono usiku, mayi kapena agogo amamupana nako chala, nambala ikaonetsa 97 mtima umakhala m'malo, onse n'kubwerera kukagona.

Tinene poyambirira pomwe kuti pa ntchito imeneyi kachipangizoka sikayenera. Masana n'kothandiza, makamaka kwa mwana wamkulupo wa mphumu kapena chibayo amene mukufuna kudziwa ngati muthamange naye kuchipatala. Koma kwa mwana wobanika kutulo, 97 ameneyo akhoza kukugonetsani mphwayi kwa zaka. Oximeter yothandiza pa vutoli ndi ina, yosunga zimene yayeza usiku wonse, ndipo nayonso ili ndi polekezera pake.

Matendawa madokotala amawatcha obstructive sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya kummero imamasuka. Ngati njira ya mpweya ili yopanikizika kale chifukwa cha ma tonsils aakulu m'mbali mwa mmero, kapena ma adenoids, tinyama ta kuseri kwa mphuno kumene maso safikako, njirayo imatsekeka. Mwana amalimbanabe kukoka mpweya, chifuwa chikulowa mkati mimba ikutuluka, koma cholowa palibe. Pakapita kamphindi ubongo umamugwedeza, amakoka mpweya mwamphamvu ngati wotsamwa, n'kugonanso osadziwa kanthu. Zimachuluka pakati pa zaka 2 ndi 8, pamene tinyama timeneti timakula mofulumira kuposa mmero weniweniwo, ndipo zimagwira mwana mmodzi mpaka asanu mwa ana 100 alionse. Anzathu a Chishona amati ngonono, ife timati mkonono, ndipo tonsefe timautenga ngati umboni wa tulo tabwino. Azakhali amangoti watengera atate ake. Komatu mwana woliza mkonono masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata, alibe chimfine, ndi wofunika kumufufuza.

Kukula kwa vutoli amakuyeza ndi nambala yotchedwa AHI, imene imawerenga kangati pa ola limodzi la tulo mpweya waima kapena wachepa kwambiri. Kwa mwana, kuyambira 1 mpaka 5 ndi vuto laling'ono, 5 mpaka 10 ndi lapakati, kupitirira 10 ndi lalikulu. Kwa munthu wamkulu vuto lalikulu limayambira pa 30, ndipo mpweya uyenera kuima masekondi 10 kuti uwerengedwe, pomwe kwa mwana kungophonya kupuma kawiri kwakwana. Kusiyana kumeneku kukumbukireni, tikumananso nako.

Tsopano kachipangizo kaja. Kamawalitsa kuwala kwa mitundu iwiri kudutsa m'chala, kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso, ndipo mbali inayo kuli kadiso kowerenga kuwala kumene kwadutsa. Magazi odzaza okosijeni ndi opanda okosijeni amamwa kuwalako mosiyana, ndiye pamene nambala imachokera. Kuti kawerenge bwino, chala chiyenera kudzaza mpata wonse. Chala cha mwana wa zaka zitatu chimasambira m'kati, kuwala kwina kumazungulira m'mbali osadutsa m'mnofu, ndipo nambala imene imatuluka si ya magazi ake. Kalipo kena kopangidwira ana, kokhala ndi nkhope ya kanyama. Ako kamakwana bwino, komabe ndi kopana basi: mwana akatembenuka kamagwa, ndipo chala chikachoka kamadzizimitsa pa masekondi ochepa.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa ndi lakuti sikasunga chilichonse. Kamakuuzani za mphindi imene mukukayang'ana yokhayo. Kubanika sikuchitika mofanana usiku wonse. Kumakula m'tulo ta maloto, totchedwa REM, pamene minofu imafookeratu, ndipo tulo timeneti timachuluka m'chigawo chomaliza cha usiku, cha m'ma 3 koloko kukafika mbandakucha. Kholo limayeza 9 koloko lisanagone, mwana ali m'tulo tina tolemera momwe mpweya umayenda bwinoko. Ngakhale mutadzuka tambala woyamba, kugwira dzanja lake ndi kumupana kumamutsitsimutsa pang'ono, mmero n'kutseguka, nambala n'kukwera inu mukuyang'ana.

Palinso china chimene pa bokosi salemba. Nambala imene mumaona ndi ya pakati, yophatikiza masekondi angapo apitawo, kuti isamalumphelumphe. Okosijeni wa mwana amatha kugwa n'kukweranso mofulumira kwambiri, ndipo kachipangizo kophatikiza masekondi ambiri kamasalaza dzenjelo mpaka osaoneka. Ma oximeter oyezera tulo amawaika pa masekondi 2 mpaka 4. Ka pachala sikakupatsani mwayi wosintha zimenezi.

Harare nayenso ali ndi zake. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri, mitsempha ya m'zala imafinyika, ndipo kachipangizo kamalephera kupeza kugunda kwa magazi. Kamangoonetsa timizere kapena nambala yabodza yotsika imene imathamangitsa banja lonse popanda chifukwa. Choopsa kwambiri ndi mbaula. Magetsi akazima, ena amalowetsa makala m'chipinda chogona kuti ana afundidwe. Mpweya wa poizoni wochokera m'makala, carbon monoxide, ukalowa m'magazi, oximeter imauwerenga ngati okosijeni. Mwana akhoza kukhala akukomoka nambala ili pa 98. Mbaula isagone m'chipinda chotseka, kaya muli ndi oximeter kaya mulibe. Ndiyeno mzindawu uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa Lilongwe ndi Blantyre, kotero mwana wabwinobwino kuno amawerenga motsikirako pang'ono poyerekeza ndi wa ku Beira, m'mphepete mwa nyanjayo. Dokotala wowerenga zotsatira amaganizira zimenezi, kachipangizo sikadziwa kumene kali.

Za khungu tisazibise, chifukwa zikutikhudza tonse. Mu Disembala 2020, ofufuza a pa University of Michigan adafalitsa mu New England Journal of Medicine kuti mwa odwala amene oximeter inkaonetsa 92 mpaka 96, akuda anali ndi mwayi pafupifupi katatu kuposa azungu wopezeka kuti okosijeni weniweni wa m'magazi ali pansi pa 88. Kafukufukuyo anali wa akuluakulu m'chipatala, koma mbali imene makinawa amalakwira ndi yomwe imadetsa nkhawa: pa khungu lakuda amakonda kuwerenga mokweza, ndipo kukwezako kumachuluka pamene okosijeni watsika kwambiri.

Ngakhale zonsezi zikanakonzedwa, chotsala n'chakuti ana ambiri obanika okosijeni wawo satsika. Ena ubongo umawadzutsa msanga, nambala isanagwe, koma tulo tawo taduka kambirimbiri. Ena mmero sutsekeratu, umangopanikizika kwa nthawi yaitali, mpweya woipa wa carbon dioxide n'kumaunjikana m'magazi. Oximeter iliyonse, yotchipa kapena yodula, mpweya woipawu siuona.

Oximeter yosunga usiku wonse ndi chinthu china. Zodalirika zimene zipatala zimagwiritsa ntchito ndi monga za makampani a Masimo ndi Nonin, ndipo m'malo mwa kopana zili ndi kalamba kofewa komata, kolembedwa pa paketi kulemera kwa mwana amene kakumuyenera. Si yogula kuti ikhale pakhomo. Funsani dokotala wa ana kapena wa makutu, mphuno ndi mmero ngati angakubwerekeni usiku umodzi, kapena ngati mwana angagone nayo m'wodi. Mukabwera nayo kunyumba, itchajeni masana magetsi akadalipo ndipo onani kuti wotchi yake ili pa nthawi yoyenera. Kwa mwana wamng'ono matani kalambako pa chala chachikulu cha kuphazi, kanyali ndi kadiso ziyang'anizane bwinobwino, pulasitala asathine mpaka chala kuyera. Waya mumutsatitse pamwamba pa phazi, mumumatenso pa kakolo, muveke sokosi pamwamba kuti phazi lifunde ndiponso kuti mwana asasolole. Waya atulukire kumapazi kwa bedi, asayandikire khosi. Papepala lembani nthawi imene wagona, imene wadzuka kukakodza kapena kulira, ndi imene kalamba kanachoka. Pakufunika maola osachepera 6 a tulo ojambulika bwino. Musamumwetse mankhwala a chifuwa kapena a ziwengo ogonetsa kuti asavute, chifukwa amafooketsa mmero ndipo kwa mwana wobanika kwambiri ndi oopsa. Ngati ali ndi chimfine dikirani achire, apo ayi muyeza chimfinecho.

M'mawa kompyuta imatulutsa lipoti, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Diso limathamangira pa nambala yotsikitsitsa, mwina 62, mtima n'kudumpha. Nthawi zambiri nambala yotereyi ndi ya pamene mwana anaponda kalamba kapena kugwedeza phazi: mzere umagwa mwadzidzidzi ndipo mzere wa kugunda kwa mtima umasowa nthawi yomweyo. Kubanika kwenikweni kumaoneka ngati mano a sowo, kugwa ndi kukwera motsatizana m'magulumagulu, mtima ukufulumira pa kugwa kulikonse, ndipo magulu amenewa amabwera pa nthawi za tulo ta maloto. Choncho chithunzicho chiyenera kuonedwa ndi munthu wodziwa, osati kungodalira zimene kompyuta yawerengetsa. Njira yodziwika yowerengera ndi ya McGill, yochokera ku Montreal m'dziko la Canada. Gulu limodzi ndi kugwa kasanu kapena kuposa, kulikonse kwa mapointi osachepera 4, mkati mwa mphindi 10 mpaka 30. Pakakhala magulu atatu ndipo okosijeni wagwa pansi pa 90 katatu, zotsatira zikusonyeza matenda ndipo ndi giredi 2. Akagwa pansi pa 85 koposa katatu ndi giredi 3, pansi pa 80 koposa katatu ndi giredi 4, ndipo mwana wa giredi 4 si wodikira pa mndandanda wa miyezi.

Ubwino wake ndi womwewo. Pa kafukufuku wa ku Montreal wa m'chaka cha 2000, mwa ana amene oximeter inasonyeza matenda, 97 mwa 100 anapezekadi nawo atayezedwa mokwanira. Koma mwa amene inasonyeza kuti palibe kanthu, pafupifupi theka analinso ndi matendawa. Ikati alipo, khulupirirani. Ikakhala chete, sinanene kuti mwana ali bwino, ndipo lipoti labwino limalemba kuti zotsatira sizinatsimikize kanthu, osati kuti palibe vuto. Njira ya McGill inapangidwira ana athanzi amene vuto lawo ndi ma tonsils ndi ma adenoids basi. Kwa mwana wa matenda a mtima, a mapapo kapena a minofu, okosijeni amatsika pa zifukwa zina ndipo magiredi aja sagwira.

Kuyeza kokwanira ndi polysomnography. Mwana amagona usiku umodzi kholo lili pambali, atamumata timawaya m'mutu, pafupi ndi maso ndi pachibwano kuti adziwe mtundu wa tulo, malamba awiri pachifuwa ndi pamimba, kapaipi pamphuno koyezera mpweya, oximeter, choyezera mtima ndi kamera. Palibe jakisoni, palibe chopweteka. Musanalipire, kapena musanapemphe chilolezo ku medical aid (inshuwalansi ya zachipatala), funsani zinthu zitatu. Choyamba, ngati zotsatira adzaziwerenga ndi malamulo a ana, chifukwa AHI ya 12 pa muyeso wa akuluakulu ndi vuto laling'ono pomwe kwa mwana ndi lalikulu, ndipo kulakwa kumeneku kumachitika makina akangosiyidwa pa muyeso umene anabwera nawo. Chachiwiri, ngati amayeza carbon dioxide. Akapitirira 50 mmHg kwa nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a tulo, mwanayo sakupuma mokwanira ngakhale AHI ili yotsika. Chachitatu, chimachitika n'chiyani magetsi akazima 2 koloko usiku. Makina a akuluakulu onyamula kunyumba, aja a lamba mmodzi ndi kapaipi, bungwe la American Academy of Sleep Medicine linanena m'chaka cha 2017 kuti asagwiritsidwe ntchito popeza matendawa mwa ana.

Pali ana ena amene sitingafune kuti makolo awo ataye ngakhale sabata imodzi pa kachipangizo ka pachala. Mwana wosakwana zaka 3 amene akuliza mkonono usiku uliwonse, chifukwa mmero wake ndi waung'ono ndipo okosijeni wake amagwa msanga. Mwana wonenepa kwambiri, chifukwa mafuta amapanikiza mmero ndiponso amakankha mapapo akagona chagada. Kwathu mwana wojintcha timamuyamikira, koma pa nkhani iyi kunenepa ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu, makamaka akamayandikira kutha msinkhu. Mwana wa Down syndrome, amene lilime lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kamwa ndipo minofu yake ndi yofewa: oposa theka la ana amenewa amakhala ndi vutoli, ambiri popanda mkonono womveka, n'chifukwa chake American Academy of Pediatrics imati aliyense ayezedwe tulo pofika zaka 4. Chimodzimodzi wa chibwano chaching'ono cholowa mkati, amene anasokedwa ng'amba ya m'kamwa, wa cerebral palsy (kulumala kochokera muubongo), ndi wobadwa masiku asanakwane. Mwana wa matenda a magazi a sickle cell ndi wofunika diso lapadera, chifukwa kutsika kwa okosijeni usiku kumathandizira kubweretsa ululu uja wa m'mafupa, ndipo pa magazi ake oximeter siwerenga molondola ngati pa ena.

Zina ndi za pakhomo pomwe. Utsi wa fodya wa atate kapena amalume osutira m'nyumba, utsi wa nkhuni ndi palafini m'chipinda chimodzi chophikiramo ndi kugonamo, fumbi la Ogasiti ndi mungu wa Seputembala ndi Okutobala kwa mwana wa ziwengo za m'mphuno, zonsezi zimatupitsa mphuno ndi ma adenoids. Mphumu imayendera limodzi ndi vutoli, ndipo limayendanso m'magazi a banja. Kukula kwa ma tonsils kokha sikunena zonse. Dokotala amawapatsa giredi kuyambira 0 mpaka 4, ndipo 4 ndi aja otseka mmero koposa magawo atatu mwa anayi, koma alipo ana a giredi 2 obanika koopsa ndi a giredi 4 ogona bwinoko.

Chida chimene chimaposa ka pachala muli nacho kale m'thumba. Tcherani alamu cha m'ma 3 kapena 4 koloko, yatsani kanyali kochepa, kwezani malaya a mwana kuti chifuwa ndi mimba zioneke, ndipo mujambuleni vidiyo ya mphindi ziwiri kapena zitatu, nkhope ndi khosi zikuoneka, mawu akumveka. Bwerezani masiku atatu. Dokotala adzayang'ana ngati pansi pa nthiti ndi pa dzenje la pakhosi pakulowa mkati, ngati mkonono ukuduka n'kutsatidwa ndi kubefuka, ngati mwana wagona atapinda khosi chagada kapena atatukula matako, ngati watuluka thukuta kunja kukuzizira. Tengani vidiyoyo pamodzi ndi khadi la kusikelo, popeza mwana wobanika kwambiri amawononga mphamvu zambiri popuma ndipo sikelo yake imaima. Nenaninso za masana: kupuma ndi pakamwa, kudya mochedwa ndi kutsamwa, mutu wa m'mawa, kuyambanso kukodza pogona atasiya kale, ndi madandaulo a aphunzitsi. Mwana wosowa tulo kawirikawiri sasinza ngati wamkulu. Amakhala wosakhazikika, wolusa, woiwalaiwala, ndipo ambiri amakwapulidwa chifukwa cha khalidwe limene gwero lake lili kummero. Izi zimatiwawa kwambiri, chifukwa ndi ana ochizika.

Njira ya boma imayambira ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko, kaya ku Mbare, Mufakose, Highfield kapena Mabvuku, kumene mumapempha kalata yopita kwa dokotala wa ana kapena wa mmero ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kumene ambiri timakutchabe pa Gomo. Koma mukaona m'kati mwa milomo kapena lilime likuchita imvi kapena kubiriwira ali mtulo, mapazi akutupa, kapena akupuma mwaphokoso ngakhale ali maso, musadikire kalata. Kubanika kwa nthawi yaitali kumakweza kuthamanga kwa magazi m'mapapo ndipo mbali ya kumanja ya mtima imatopa.

Chifukwa chenicheni chofunira kudziwa kukula kwa vutoli ndi opaleshoni. Kuchotsa ma tonsils ndi ma adenoids ndiwo mankhwala oyamba kwa ana ambiri. Pa kafukufuku wa CHAT wa ku America, wofalitsidwa mu 2013, wa ana 464 a zaka 5 mpaka 9, tulo tinabwerera mwakale mwa 79 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni, ndi mwa 46 pa 100 alionse ongoyang'aniridwa kwa miyezi 7. Nambala yachiwiriyo ikusonyeza kuti wa vuto laling'ono akhoza kudikira, mwina akulandira mankhwala opopera m'mphuno monga mometasone, koma ana obanika koopsa sanalowetsedwe m'kafukufukuyo. Iwowa ndi amene usiku woyamba wa opaleshoni umawavuta: mmero watupa, mankhwala ogonetsa akadali m'thupi, ndipo mankhwala amphamvu a ululu amawapumitsa mofooka kuposa ana ena. Mwana wosakwana zaka 3, wa AHI ya 10 kapena kuposa, kapena amene okosijeni wake unagwa pansi pa 80, agone m'chipatala usiku umenewo ali pa oximeter ya m'wodi yokhala ndi alamu, asabwerere kunyumba tsiku lomwelo. Dokotala wogonetsa apatsidwe lipoti la tulo pasadakhale. Ndipo mankhwala a ululu otchedwa codeine asapatsidwe: mu 2013 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaletsa mankhwalawa kwa ana ochotsedwa ma tonsils, ana ena atamwalira chifukwa matupi awo ankawasandutsa morphine mofulumira kwambiri. Mapiritsi ndi mankhwala amadzi ena a ululu ndi a chifuwa amakhala ndi codeine wosakaniza, choncho werengani pa botolo kapena funsani wa ku famase.

Opaleshoni ikatha mkonono umatha kupitirira masiku angapo chifukwa cha kutupa. Pakatha masabata 6 mpaka 8 mwana aonedwenso, ndipo amene anali wa vuto lalikulu, wonenepa kwambiri kapena wa Down syndrome ayezedwenso tulo ngakhale akuoneka kuti wachira, chifukwa mwa iwowa vutoli limatsalira kawirikawiri. Likatsala, chotsatira nthawi zambiri ndi makina a CPAP opemerera mpweya kudzera pa chovala cha pamphuno usiku wonse, ndipo musanawatenge konzani batire kapena sola yowayendetsa maola 10 magetsi atazima.